Za ku Bangkok Zimene Simuika pa Sitetasi

Loweruka lapitali, pa chinkhoswe cha msuweni wathu ku Area 25, ndinatsala pang'ono kumuthira thobwa kumaso mnzanga wapamtima. Tinali kuseri kwa tenti, kutsogolo perekaniperekani ali mkati, ndipo mnzangayo anali atazunguliridwa ndi achinyamata angapo. Suti yotuwa, dzanja lamanzere m'thumba, lamanja likuseretsa zithunzi pa foni. Apa ndine pa kachisi wagolide. Apa ndine pa boti. Apa ndine ndi kokonati. "Aise, Thailand ndi paradaiso. Zinthu zotchipa, anthu aulemu, palibe ngakhale chimodzi chimene chinatisowetsa mtendere." Kenako n'kutembenukira kwa ine. "Ndikunama amwene?"

Ine ndinali naye pa ulendowo. Ndikudziwa kuti pa chithunzi cha pa boticho munthuyu anali atameza mapiritsi oletsa kutsegula m'mimba, ndipo kumwetulira kukuonekako n'kwa munthu amene akupemphera kuti boti lifike msanga kutsidya. Koma pa chinkhoswe sakangana, ndiye ndinangoti "eya" ngati chitsiru. Tsoka ilo, mmodzi mwa omvetserawo anali mchemwali wanga wamng'ono, amene wayamba ntchito chaka chathachi. Lamlungu m'mamawa uthenga unalowa: "Achimwene, ku banki mkhonde andibwereka. Yotsalayo ndikaona kwa akatapila. Disembala ndikufuna ndikakhale pa boti paja."

Ndiye lero ndilemba zimene ndinalephera kunena kuseri kwa tenti. Ena mukwiya, ndikudziwa. Munthu wobwera ku ulendo n'kumaonetsa zokoma zokhazokha ambiri timangoti ndi wamatama, n'kumuseka. Ine ndikuti ndi wabodza, ndipo bodza lakelo amalipira ndi anthu ena.

Tinatera pa Suvarnabhumi pa 10 Epulo 2024, titadzera ku Addis Ababa. Palibe mwa zithunzi zija chimene chinatiuza kuti Epulo ndiye mwezi wotentha kwambiri ku Bangkok. Tengani kutentha kwa ku Nsanje mu Okutobala, muthirepo nthunzi ya mphika wa nyemba, ndiye mwafika. M'mawa mwake tinanyamuka kukaona Grand Palace, nyumba yachifumu imene Mfumu Rama I anayamba kumanga mu 1782 pokhazikitsa Bangkok ngati likulu. Mpanda wake woyera tikuuona uwo, bambo wina anatiimitsa. Malaya oyera ositasita, cholembera m'thumba, magalasi, nkhope ya ahedi a sukulu ya mishoni. Anatifunsa kwathu. Titati Malawi iye anati Mali, ife n'kukonza, iye n'kuseka, n'kuyamba za mpira. Atatha kutifewetsa ndiye anagwira mutu ngati wamva maliro. Pepani kwambiri anyamata, lero nyumba yachifumu ndi yotseka mpaka 2 koloko, amonke akupemphera pokonzekera chaka chatsopano. Koma musataye tsiku. Anatenga mapu athu n'kuzunguliza malo atatu ndi cholembera chija, n'kukweza dzanja, ndipo tuk-tuk, kanjinga kamoto ka matayala atatu kaja, inangotulukira ngati imamvera kuseri kwa mtengo. Ulendo wonse 40 baht. Nthawi imeneyo dola imodzi inali kupitirira pang'ono 36 baht. Werengani nokha.

Apa ndiimepo kaye, chifukwa mpaka lero pamandiwawa. Ife awirife tinakulira mu Lilongwe. Oitanira a m'depoti timawadziwa. Nkhani ya munthu amene anagula foni mumsewu n'kukapeza sopo m'bokosi tinaimva tili ku pulayimale. Munthu atakuimitsa pa mlatho wa ku Tsoka n'kukuuza kuti msika watsekedwa koma iye akudziwa wina wabwino, ungagwire thumba lako n'kuwonjezera liwiro. Nanga chinatigwira n'chiyani ku Bangkok? Ndaganiza nthawi yaitali ndipo yankho lake silikoma. Tinakula tikukhulupirira kuti kuba kuli ndi nkhope, ndipo nkhopeyo ndi yathu yomweyi. Wakunja wovala malaya oyera, m'dziko la misewu yodutsana m'mwamba ndi sitima zoyenda pamwamba pa nyumba, anganamize bwanji ife osauka? Nzeru zonse za m'tauni tinazisiya pa Kamuzu International Airport ngati botolo la madzi limene akuletsa kulowa nalo mu ndege.

Malo oyamba analidi kachisi, Wat Intharawihan, kumene kuli chiboliboli cha Buddha choimirira, chotalika mamita 32. N'chokongola, sindikana, ndipo ndi nyambo yabwino. Malo achiwiri inali shopu ya telala. Mkati mozizira bwino, madzi a m'firiji aulere, ndipo tisanakhale n'komwe tepi inali kale pa mapewa a mnzanga. Suti ya mtengo wapatali, akuti, lero lokha pa theka la mtengo, mawa madzulo ikupezani kumene mukugona. Anasiya 4,000 baht. Malo achitatu inali shopu ya miyala yonyezimira, kumene mayi wina wolankhula mofatsa anandifotokozera kuti ndikagula timiyala tabuluu titatu ndikakagulitsa kwathu kuwirikiza kawiri. Ndikanakonda kukuuzani kuti nzeru zinandibwerera. Ayi ndithu. Ndinatulutsa khadi, makina n'kukana. Anayesanso, n'kukananso. Kusowa kwa ndalama zakunja kumene timatukwana tsiku ndi tsiku kuno ndi kumene kunandipulumutsa. Dalaivala wa tuk-tuk, ataona kuti mwa ife mulibenso mafuta, anatiuza yekha mosabisa kuti mashopuwo amamupatsa kenakake akabweretsa alendo. Anatitsitsa pakona ina yake n'kuzimiririka, 40 baht ija osaifunsa n'komwe.

Tinafika pa geti la Grand Palace 4 koloko itakwana. Matikiti amasiya kugulitsa 3:30. Malowo anali otsegula kuyambira 8:30 m'mawa, monga amachitira pafupifupi tsiku lililonse, ndipo m'mbali mwa mpanda muli zikwangwani zochenjeza alendo za anthu ngati ahedi athu aja. Chinyengochi n'chakale kwambiri, chinalembedwa m'mabuku a alendo ife tisanabadwe. Safunsa anadya phula, inde. Koma ife tinafunsa. Tinafunsa anzathu awiri amene anapitako ife tisanapite, ndipo onse anatiyankha ndi zithunzi. Nditabwerera ndinamupanikiza mmodzi, ndipo anavomera akuseka kuti nayenso anakwera tuk-tuk yomweyo, ndipo ali ndi mphete m'kabati imene safuna kuiona. "Nanga bwanji sunandiuze?" "Aaa amwene, anthu akanandiseka." Mwamva? Anasankha kuti ine ndiberedwe kusiyana n'kuti iye asekedwe.

Tsiku lotsatira tinalawira, ndipo anatibweza pa geti chifukwa cha makabudula. Kumeneko salowa mawondo kapena mapewa ali pamtunda. Tinawoloka msewu kukagula mathalauza opepera aja a zithunzi za njovu, amene pa sitetasi ya mnzangayo akuoneka ngati fasho imene anasankha mwadala. Pakhomo mlendo amalipira 500 baht. Koma nkhani yanga ili pa zimene zili mkatimo. M'kachisi wa Wat Phra Kaew muli Emerald Buddha, kachiboliboli ka mwala wobiriwira kotalika masentimita 66 okha, kokhala pamwamba pa guwa lalitali lagolide. Zovala zake zimasinthidwa katatu pa chaka malinga ndi nyengo, ndipo mwambo wake ndi wa mfumu. Umavula nsapato panja, umakhala pansi, mapazi osaloza kumene kuli chibolibolicho. Ndipo kujambula n'koletsedwa. Ndinakhala mmenemo mwina mphindi 20, thukuta likuuma pamsana, pambali panga gogo wina akunong'ona pemphero maso ali chitsinzinire. Pa zonse zimene ndinaona m'nyumba yachifumuyo, chimenechi ndiye chinandikhudza, ndipo pa chinkhoswe paja mnzanga sanachitchule ngakhale kamodzi. Chimene chilibe chithunzi kwa iye sichinachitike.

Za mimba ndidutsapo msanga. Pali saladi ya papaya wosapsa yotchedwa som tam, amasinja mu kamtondo pamodzi ndi tsabola, ndipo mayi wogulitsa akakufunsa kuti tsabola angati usamayankhe ngati Mmalawi wonyadira kambuzi. Kaya anali tsabolayo kaya madzi oundana a m'chakumwa, usiku umenewo tinkasinthana chimbudzi ngati alonda. Zimbudzi zambiri kumeneko zili ndi kapaipi kothira madzi m'malo mwa pepala, ndipo munthu amaphunzira kukagwiritsa ntchito mofulumira kwambiri zinthu zikafika pothina. M'mawa mwake ndi pamene tinakwera kaboti kowolotsa mtsinje wa Chao Phraya kupita ku Wat Arun. Chithunzi chimene chikufuna kumulowetsa mchemwali wanga m'katapila n'chimenecho.

Pa 13 Epulo inayamba Songkran, chaka chatsopano cha Athai, chimene chimatenga masiku atatu. Chiyambi chake n'chaulemu: kuthira madzi pang'ono pa ziboliboli za Buddha ndi m'manja mwa akuluakulu popempha madalitso. UNESCO inaika mwambowu pa mndandanda wake wa chikhalidwe mu Disembala 2023. Koma mumsewu wa Silom ndi nkhondo ya madzi. Mifuti yapulasitiki, zidebe, migolo ya madzi oundana pa mapikapu, anthu osawadziwa akukupaka dothi loyera m'masaya. Aliyense anali atakoleka foni m'khosi m'kathumba kapulasitiki. Ine ndinkaona ngati n'zachibwana. Ndinatulutsa foni yanga kuti ndijambule kavidiyo koti anthu a kwathu aone mmene ndikudyera moyo, ndipo kamtsikana ka zaka mwina zisanu ndi ziwiri kanandikhuthulira chidebe chonse kuchokera pa pikapu, kakuseka mpaka mano onse panja. Foni inaphethira kawiri n'kufa. Ndinaigoneka mu mpunga usiku wonse monga amanenera anthu. Mpunga unangowonongeka. Zithunzi za masiku atatu, tikiti yobwerera, manambala, mapu, zonse zii. Ndinalira, osanama, bambo wamkulu ndevu pepeya, pa masitepe a shopu. Foniyo ndinali ndisanamalize kulipira.

Ndiye masiku otsalawo ndinayenda wopanda foni, ndipo apa ndi pamene ndinayamba kumvetsa chimene chikutidya. Songkran itatha tinakwera sitima ya anthu wamba pa Hua Lamphong kupita ku Ayutthaya, makilomita pafupifupi 80 kumpoto. Tikiti yake inali yotchipa kuposa botolo la chakumwa, mawindo otsegula, amayi akudutsa ndi mabasiketi a zakudya. Ayutthaya linali likulu la Siam kwa zaka zoposa 400, kufikira mu 1767 pamene asilikali a ku Burma analitentha. Chatsala ndi njerwa zofiira, nsanja zopendekeka, ndi mizere ya ziboliboli zokhala pansi zopanda mitu. Pa Wat Mahathat pali mutu wa Buddha wa mwala umene mizu ya mtengo inaukulunga, ndipo aliyense wobwera kumeneko amafuna chithunzi chake. Lamulo ndi loti pojambulitsa ukhale kapena ugwade, mutu wako usapitirire wa Buddha. Ine, wopanda chojambulira, ndinakhala pamthunzi n'kumaonerera mzere. Munthu akufika, akugwada, akumwetulira, akudzuka, akuyang'ana foni, akuchoka. Ndinawerenga anthu oposa makumi awiri. Amene anatembenuka kuti ayang'ane mutuwo ndi maso awo anali atatu. Enawo anauona pa sikirini, uli kumbuyo kwa phewa lawo. Anawoloka nyanja kudzaufulatira. Mnzanga anali m'gulu lomwelo, ndipo foni yanga ikanakhala yamoyo nanenso ndikanakhala momwemo, ndisadziyeretse.

Ndikudziwa zimene mukuyankha. Ndalama ndi zanga, sitetasi ndi yanga, ndani amaika chithunzi ali pachimbudzi? Zoona. Sindikupempha zimenezo, chonde. Ikani kokonati wanuyo. Chimene ndikukana ndi pamene mng'ono wanu wakufunsani maso ndi maso kuti zinayenda bwanji, mwawononga zingati, ndikonzekere chiyani, inu n'kumuyankha kuti zonse zinali bho. Pamenepo simukukongoletsanso sitetasi, mukupereka umboni wabodza. Simunena kuti Mmalawi amafunika viza, ndi kuti pofunsira vizayo amafuna kuona tikiti yobwerera, kumene ukagone, ndi umboni woti uli ndi ndalama zosachepera 20,000 baht. Simunena kuti "zotchipa" zanuzo n'zotchipa kwa wolandira madola, pomwe kwacha yathu inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo tikiti ya ndege yokha imameza malipiro a miyezi ingapo a munthu ngati mchemwali wanga. Simunena kuti masiku a Songkran anthu mazanamazana amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, moti boma lakumeneko limachita kuwerenga tsiku ndi tsiku. Simunena za anthu amene amakuyang'anitsitsa m'sitima, kapena mateksi amene amakana kuyatsa mita. Mumabweranso n'kumati "ku Matchaina kuja", ngati Thailand, Vietnam, Japan ndi China ndi mudzi umodzi, inu nomwe amene munakwiya bambo uja atasokoneza Malawi ndi Mali.

Ndipo pali china cholemera kuposa suti ndi foni. Chithunzi cha Thailand ngati paradaiso chili ndi anthu amene amachigwiritsa ntchito. Kwa zaka zingapo tsopano achinyamata a mu Africa muno akhala akukopedwa ndi zotsatsa za ntchito za pa kompyuta ku Bangkok, tikiti yolipiridwa kale, malo ogona aulere. Akatera amatengedwa pa galimoto mpaka ku Mae Sot, kumalire, n'kuwolotsedwa mtsinje kulowa ku Myawaddy m'dziko la Myanmar, kumene amatsekeredwa m'mipanda n'kumakakamizidwa kubera anthu pa intaneti. Mu Febuluwale 2025 anthu oposa 250 anatulutsidwa kumeneko tsiku limodzi, ambiri mwa iwo a ku Ethiopia. Sindikunena kuti kokonati wa mnzanga ndiye amagulitsa anthu. Ndikunena kuti wachinyamata amene wamva kwa abale ake onse kuti kumeneko kulibe wabodza, tsiku limene uthenga wa ntchito yoteroyo udzalowe mu foni mwake adzakhala wofewa kale, monga tinalili ife pamaso pa malaya oyera aja.

Tsono pali gulu lina limene likuwerenga izi likugwedeza mutu mokondwa. Amalume anga ali momwemo. "Ndinanena ine. Ndalama zimenezo ukanagula poloti ku Chitedze." Inunso khalani pansi, sindili mbali yanu. Ndikanakhala ndi ndalama lero ndikanapitanso mawa. Ndinagona pansi pa denga limodzi ndi anthu a mayiko asanu ndi limodzi. Ndinaona Buddha wogona wa ku Wat Pho, mamita 46 kutalika kwake, ndikumva kulira kwa makobidi amene anthu amaponya m'mbale 108 zamkuwa kumbuyo kwake, phokoso ngati mvula ikamayamba pa malata. Tsiku limene foni inafa, mayi wa pamalo amene tinkagona anandisindikizira tikiti yanga pa kompyuta yake, n'kundilembera pa kapepala m'zilembo za Chithai dzina la msewu wathu kuti ndizionetsa ndikasochera. Kapepalako ndikali nako m'pasipoti. Poloti sakupatsa zimenezo. Vuto langa ndi inu amalume n'lofanana ndi vuto langa ndi mnzanga: nonse mumaganiza kuti ulendo ukakhala ndi zovuta ndiye kuti walephereka. Iye amabisa zovutazo kuti ulendo uoneke wopambana, inu mumazifukula kuti mutsimikize kuti kuyenda n'kupusa. Pakati panu awirinu mwana wofuna kuyenda alibe womuuza zoona.

Mchemwali wanga ndinamuitana Lachiwiri madzulo. Ndinatulutsa kope limene ndinkalembamo ndalama foni itafa, tinakhala pa khonde, n'kuwerengera limodzi. Tikiti, viza, inshuwalansi ya paulendo imene ife sitinagule ndipo tinangopulumuka mwamwayi, malo ogona, chakudya, zolowera m'makachisi, ndi mzere wina umene ndinaulemba kuti "zopusa", womwe aliyense ayenera kuusiyira malo. Pansi pake tinalemba chiwongoladzanja cha katapila pa miyezi isanu ndi umodzi. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, "Ndiye achimwene mukuti ndisapite?" Ndinati pita, koma ndi ndalama zako, chaka chamawa kapena chinacho, miyezi yozizirirapo ya Novembala mpaka Febuluwale, thalauza lalitali m'chikwama, ndipo munthu akadzakuuza kuti nyumba yachifumu yatsekedwa udzamuthokoze n'kupitiriza kuyenda mpaka ukaone geti ndi maso ako. Sanasangalale. Anachoka osatsanzika bwino, ndipo mpaka pano mauthenga anga akungowawerenga osayankha.

Mnzanga uja ndamuuza kuti ndikulemba izi. Wati ndine wansanje chifukwa ndilibe zithunzi. Mwina pang'ono. Koma amene munali pa chinkhoswe paja, kumbukirani bwino mmene anaimira. Suti yotuwa ija ndi yomwe ija ya 4,000 baht, kuphatikiza ina 4,000 imene anamaliza kulipira itabwera usiku m'pulasitiki, ife tili pakati pa mpikisano wa chimbudzi, osatha n'kuiyesa komwe. Mkono wakumanzere ndi waufupi ndi zala zitatu. Dzanja lija silinatuluke m'thumba tsiku lonse, ngakhale nthawi yovina.